Gofere, Mtengo wa Chingalawa

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi m'zaka za m'ma 1970, boma linanditumiza ku sukulu ina yaing'ono kufupi ndi Nayuchi. Njanji yopita kumalire inali idakali yatsopano, moti sitima ikalira ana onse ankathamangira pawindo, ine n'kutsala ndikuyankhula ndi bolodi. Kwathu ndi ku Phalula, kumtunda, kumene madzi timawadziwira pachitsime ndi mumtsuko. Za nyanja, mabwato ndi maukonde sindinkadziwa kalikonse.

Pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteshoni pankakhala mtsikana wosoka zovala pa makina opalasa ndi phazi. Ulendo woyamba ndinapita ndi malaya ong'ambikadi. Kenako ndinapita ndi buluku loti andipindire. Posakhalitsa zovala zofuna telala zinanditha, ndipo ndinayamba kumadula ndekha mabatani ndili m'njira.

Tsiku lina anatenga malaya anga, n'kuyang'anitsitsa ulusi, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Aphunzitsi, batani ili ndasoka ndine dzana lomweli. Silinathothoke lokha. Mwachita kudula ndi lezala."



"Ngati muli ndi mawu, mwini mbumba alipo," anatero akulowetsa ulusi pasingano. "Amjomba anga amakhala kunyanja ya Chiuta. Musandimalizire ulusi."

Banja lawo linali lachisilamu, ine Mkhristu, koma kuderalo zimenezi sizinali zachilendo. M'nyumba imodzi wina ankapita kumzikiti Lachisanu, mbale wake kutchalitchi Lamulungu. Ndinauza ankhoswe anga kumudzi, mawu anayenda, ndipo yankho linabwera loti amjombawo, ndiye kuti amalume ake, akufuna ayambe andiona ndi maso.

Loweruka lina m'mawa ndinabwereka njinga ya a hedimasitala n'kutsetsereka kunyanja. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi doko, akusema bwato ndi nsompho. Anali munthu wamfupi, wandevu zochepa zoyera, kofiya ili pamutu. Mabwato ambiri a padokolo anali a manja awo.

"Ajimwiche uli?" anandipatsa moni m'Chiyao. Ndinayankha mopotoza lilime mpaka anandimvera chisoni n'kusinthira ku Chichewa.

Ndinali nditakonzekera mafunso ovuta: za mowa, za chipembedzo cha ana odzabadwa, za kumene tidzamange nyumba. Anafunsako pang'ono za makolo anga, n'kugwedeza mutu. Kenako anaika nsompho pansi n'kusendera pafupi.

"Aphunzitsi, inu ndinu munthu wa Baibulo. Pali chinthu chakhala chikundizunguza mutu. Nkhani ya chigumula ife kumzikiti tili nayo, inunso kutchalitchi muli nayo. Ndinafunsa ashehe kuti chombo chija anachipanga ndi mtengo wanji. Iwo akuti buku lathu limangonena za matabwa ndi misomali, dzina la mtengo mulibe. Koma ndinamva kuti m'buku lanu mtengowo anautchula."

Mtima unakhala pansi. Funso limeneli ngakhale mwana wa Sande sukulu akanayankha.

"Anautchuladi, Bambo. Ndi njale."

"Njale? Njale yomweyi ya ku Liwonde, yoterera ija, yolephera kukwera ndi anyani omwe?"

"Yomweyo, Bambo."

Anakanda ndevu. "Kuwongoka ndiye imawongoka. Koma ine ndinasemapo njale ndili mnyamata. Ndi yofewa, ndipo bwato lake silinakhalitse. Munthu mmodzi ndi ukonde wake, chabwino. Koma njovu ziwiri? Ndiye kudziko lakutalilo njale imamerako?"

Zimenezo sindinkazidziwa, ndipo ndinavomera.

"Mwina amene anaika bukuli m'Chichewa anangosuzumira pawindo n'kulemba mtengo umene anauona. Inu mumatha Chingerezi. Kaoneni mmene azungu analembera, mubwere mudzandiuze."

Pobwerera ndinkapalasa njinga ndikuganiza chinthu chimodzi: mayeso anga ndi amenewa. Mtengo ukapanda kupezeka, mkazinso palibe.

A hedimasitala anali ndi Baibulo la Chingerezi, ndipo tinatsegula limodzi mu ofesi. Njale munalibe. Munali mawu achilendo omveka kuti gofa. Tinatenga dikishonale ya sukulu, yothothoka chikuto, n'kuwafufuza. Tinawapeza, ndi chithunzi chomwe: kanyama ka ku Amereka, ka mano aatali, kokumba mauna n'kumadya mizu ya mbewu.

A hedimasitala anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Iyi ndi mfuko," anatero motsimikiza.

Loweruka lotsatira ndinabwerera ku Chiuta. Mwatsoka ndinafika nthawi imene asodzi anali atangokocheza, akuyanika maukonde pafupi ndi mtengo wa mango uja. Onse anali atamva za funso la amjomba, ndipo anasiya ntchito n'kundizungulira.

"Azungu akuti chiyani, aphunzitsi?"

"Akuti ndi mtengo wa mfuko."

Kenako msodzi wina wamtali anafunsa anzake mwaulemu kwambiri kuti kodi mfuko imakonda kudya chiyani.

"Chinangwa!"

"Ndiye basi, nkhani yatha. Chingalawa chinali cha mitengo ya chinangwa."

"N'chifukwa chake nyama sizinafe ndi njala," anawonjezera wina. "Zinkangoluma khoma."

Doko lonse linaphulika ndi phwete. Amjomba anaseka mpaka anavula kofiya n'kupukutira misozi. Inenso ndinaseka, nanga ndikanatani? Kuyambira tsiku limenelo padokopo ankanditchula kuti Aphunzitsi a Mfuko. Nkhani inandipitirira n'kukafika kusiteshoni ine ndisanafike, moti mtsikana uja atandiona anaimitsa makina.

"Ndinakutumani kukafunsira mbeta," anatero, "inu mwabwerako ndi mbewa."

Sukulu itatsekera ndinapita kwathu. Amayi nditawafotokozera, nawonso anayamba aseka, kenako n'kundikumbutsa za abusa amene anandibatiza. Anali atapuma pantchito, akukhala ku Balaka, ndipo anthu ankati ali mnyamata anaphunzira Chiheberi kukoleji ya ubusa.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuthamangitsa nkhuku pamphasa ya nandolo. Anali aatali, owonda, akumva movutikira khutu limodzi. Nditafika pa mfuko anakhala pampando kuti aseke bwino. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku lakuda lokulungidwa m'chitenje. Analitsegulira kumbuyo, kumene ife timati kumapeto.

"Mfuko muisiye, aphunzitsi, ilibe mlandu. Azungu nawonso mawuwa anawakanika, ndiye anangowakopera mmene alili m'Chiheberi. Zinangochitika kuti m'chinenero chawo muli kanyama ka dzina lomveka chimodzimodzi. Bwerani muone."

Analoza ndi chala tizilembo titatu tooneka ngati timipando.

"Gofere. Ndi amenewa. Mawu ali ngati mlendo m'mudzi. Ukamuona kumsika, mawa kumaliro, mkuja kumunda, umadziwa kuti ndi munthu wotani. Ndi mmene timadziwira matanthauzo a mawu akale, timawatsatira kulikonse kumene atchulidwa. Koma awa anangofika kamodzi kokha m'buku lonseli. Sanaonekenso."

"Ndiye tanthauzo lake n'chiyani, Abusa?"

"Palibe amene akulidziwa motsimikiza."

Ananena zimenezi akumwetulira ngati akundipatsa mphatso. Kenako anayamba kundiyalira zimene anthu ophunzira akhala akuganiza. Ambiri amati ndi mtengo wina wapachibale ndi mkungudza, umene umamera kumayiko amenewo, wosafumbwa, umene akale ankapangira zombo. Ndipo dzina lake m'Chigiriki limamvekerako pang'ono ngati gofere. Koma anthu amene anayamba kumasulira bukuli m'Chigiriki sanaonepo dzina la mtengo ayi, analemba kuti matabwa osemedwa mbali zinayi. Wa Chilatini analemba kuti matabwa opala bwino.

"Tsono onani apa," anasuntha chala pang'ono pa ndime yomweyo. "Mawu otanthauza phula limene anamatira chingalawa ndi kofere. Gofere, kofere. Akungosiyana chilembo choyamba. Ena amati wokopera wina kalekale dzanja linamuterereka, ndiye nkhani yonse ndi ya matabwa opaka phula basi. Enanso amati mawuwa anabwerekedwa ku Babulo, ndipo kumeneko amakhudza bango, chifukwa anthu a m'mitsinje ya kumeneko ankamanga bango m'mitolo n'kulimata phula, n'kumayendera pamadzi."

"Nanga njale inachokera kuti?"

"Omasulira athu ankafuna mtengo wautali woti munthu wa kuno auone m'maganizo. Anayenera kulembapo kenakake, sakanasiya mpata."

Ndinawauza kuti sindingabwerere ku Chiuta ndi yankho loti palibe akudziwa. Anandifunsa kuti wafunsa ndani kwenikweni, ndipo ndinawauza.

"Chichokereni kukoleji ndalalikira m'mipingo yambiri, koma palibe Mkhristu ndi mmodzi yemwe anandifunsapo za mawu amenewa. Lero wafunsa Msilamu wosema mabwato?" Anatembenukira kukhitchini kumene kunali akazi awo. "Amayi! Ndisitireni jekete lija. Ndikupita ku Chiuta."

Tinakwera sitima m'mawa. Abusa anakhala pawindo, buku lili pamiyendo. Titawoloka Shire pa Liwonde ankandikodola ndi chigongono nthawi zonse akaona njale yaima patali, yoyera ngati yopaka laimu.

Pa siteshoni ina kutsogoloko munalowa achinyamata a malaya ofiira kudzaona makhadi a chipani. Masiku amenewo khadi linkayenda ndi munthu kuposa chipewa, ndipo ife tinali nawo. Koma mmodzi wa iwo maso ake anagwera pa buku lija, limene abusa anali atalitsegula. Analitenga n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Zolemba zanji izi, madala? Zachokera kuti?"

Buku la zilembo zosadziwika, m'sitima yolowera kumalire, silinali nkhani yosewera nayo. Abusa anayamba kufotokoza, koma chifukwa cha khutu lija anayankha funso lina. Amene anatipulumutsa anali mayi wina wachikulire wa mpango woyera, amene anali ndi dengu la matemba kumapazi.

"Iwe mwana, kumadrasa sunapite? Sukuona kuti layambira kumanja? Mabuku a Mulungu ndi mmene amayendera. Bweza ndi manja awiri."

Mnyamatayo anachita manyazi, n'kubwezadi ndi manja awiri. Koma sanachoke. Anapempha kuti amve mmene limamvekera. Abusa anaimirira, dzanja limodzi litagwira mpando, n'kuwerenga ndime ija mokweza ndi mawu ochokera kukhosi. Anthu anafunsa tanthauzo, ine ndinafotokoza za ulendo wathu, ndipo pofika ku Nayuchi anthu onse m'sitimamo anali pamtsutso. Ena ankati mbawa, ena mlombwa. Mnyamata wa malaya ofiira uja anali kumbali ya msangu, ndipo anatinyamulira chikwama potsika.

Akuluakulu awiriwo anakumana pansi pa mtengo wa mango uja. Anapatsana moni wautali, wina kufunsa za mvula ya ku Balaka, wina za nsomba za chaka chimenecho. Atamwa tiyi, amjomba anakasamba m'manja asanakhudze bukulo. Abusa anafotokoza zonse mmene anandifotokozera ine, asodzi atakhala pansi mozungulira ngati ana a sukulu. Amjomba anapempha kuti awaonetse gofere ndi kofere, ndipo anaziyang'ana nthawi yaitali.

Ine ndinkadikira kuti akhumudwe. M'malomwake nkhope yawo inawala.

"Ndiye kuti inu ndi ashehe muli pamodzi, Abusa. Iwo alibe dzina, inu muli ndi dzina lopanda mwini wake."

"Mwanena zoona, achimwene."

"Koma za bango zija zandigwira mtima. Mkungudza kuno kulibe, sitingauyese. Bango ndi ili lazungulira nyanja yonse. Phula lomatira mabwato ndili nalo m'chitini. Bwanji tione ndi maso?"

Ndinkayembekeza kuti abusa akana mwaulemu. Iwo anavula jekete n'kulipachika panthambi.

Anakhala kunyanja masiku angapo, akugona kwa amjomba. Ntchito yodula bango inagwera ine. Ndinalowa m'matope ofika m'mawondo, chikwakwa m'manja, misundu ikundiyamwa, masamba a bango akundicheka m'mikono. Asodzi ankandilimbikitsa ali pamtunda kuti mkamwini amadziwika ndi ntchito. Amjomba ankamanga mitolo ndi zingwe za mlaza, n'kuilumikiza, n'kupinda nsonga zake kuti ziloze kumwamba. Abusa ankatenthetsa phula pamoto n'kumapaka ndi chiguduli chomangirira kukamtengo. Pofika tsiku lomaliza anali ndi phula m'zigongono, pachipumi, ngakhale kukhutu labwino lija. Phulalo linakwana pansi ndi m'mbali mokha, pamwamba panatsala bango loyera.

Tsiku loyesa, anthu anabwera ngati kuli msonkhano. Mtsikana uja anatseka makina ake n'kubwera ndi amayi ake, omwe anali mlongo wawo wa amjomba. Abusa anamusungitsa buku lija. Okwera anali akuluakulu awiriwo, koma amjomba anati chingalawa chopanda nyama si chingalawa. Anakweza mbuzi ndi tambala. Abusa anadandaula kuti zimayenera kukhala ziwiriziwiri, koma mwini mbuzi anakana kuika chuma chake chonse pachiswe.

Tinakankha. Chinagwedezeka, n'kupendekeka pang'ono, kenako n'kukhazikika. Chinayandama! Azimayi anaimba nthungululu, ana akuthamanga m'mbali mwa madzi. Amjomba anaima kumbuyo akuponda ndi nsungwi, abusa atakhala pakati, tambala ali m'khwapa, dzanja linalo akutibayibitsa ngati nduna yodzatsegulira mlatho.

Onse awiri ankayang'ana kwa ife, ndiye palibe amene ankaona zimene mbuzi inkachita kutsogolo. Ife kumtunda tinkaziona bwinobwino. Inayamba ndi nsonga za bango, kenako inapeza chingwe cha mlaza.

"Mbuzi! Mbuzi ikudya chingalawa!"

Abusa anaganiza kuti tikuwachemerera, ndipo anabayibitsa mwamphamvu. Chingwe chinaduka, mitolo inayamba kutsanzikana umodzi umodzi, ndipo akuluakulu aja anatsetsereka m'madzi mwaulemu, osafulumira. Mwamwayi panali posaya, madzi ankalekeza m'chiuno. Mbuzi inasambira n'kuyamba ndiyo kufika kumtunda, kachingwe kali kukamwa. Abusa anatuluka atanyamula tambala pamwamba pa mutu, wouma bwinobwino.

Asanafike n'komwe pouma, mtsutso unali utayamba.

"Bango silinalakwe, Abusa. Mwaona nokha kuti limayandama. Yalakwa ndi mbuzi."

"Koma achimwene, m'chingalawa chija munali mbuzi zoposa imodzi, ndipo zinakhalamo miyezi yambiri. Zikanachimaliza."

"Iyayi! Buku lanu lomwe likuti anamata mkati ndi kunja. Mbuzi singadye phula. Ife phula linatithera."

Abusa anaima m'madzi momwemo n'kuganiza. "Pamenepo muli ndi mfundo," anavomera.

Atasintha zovala, abusa atavala mkanjo wobwereka umene unkawalekeza m'mawondo, tinakhala pakhonde la amjomba, amayi a mtsikana uja ali pambali. Mtsikana uja anabweretsa tiyi, n'kugwada, n'kubweza buku. Sanadzuke msanga.

"Amjomba," anatero motsitsa mawu, "mtengo uja ndiye sunapezeke. Ndiye ine ndikalambire pamakina?"

Amjomba anamuyang'ana modabwa. "Mtengo ukukhudzana bwanji ndi iwe?"

"Si mayeso amene munawapatsa aphunzitsi?"

"Mayeso? Ine ndinavomera tsiku loyamba lomwe lija! Munthu ndinamuona, ndinakhutira naye. Si ndinakuuzani, achemwali, kuti mutumize mawu kwa ankhoswe?"

Amayi ake anagwira pakamwa. "Munati tidikire abwere ndi yankho."

"Ndinati abwera ndi yankho, tiwaphikire nkhuku! Za mtengozi ine ndimangofuna kudziwa."

Ndinayang'ana mikono yanga yochekekachekeka ndi mabala a misundu m'miyendo. Abusa anafunsa kuti akuti chiyani, ndipo nditawabwerezera kukhutu labwino, tiyi anawapalira.

Tinakwatirana anthu atakolola. Mwambo unachitikira kwawo kwa mkazi, abale anga anabwera pa sitima kuchokera ku Phalula, ndipo abusa anafika dzulo lake ndi buku lawo m'chitenje. Chiyambire pamenepo ankapita ku Chiuta chilimwe chilichonse mpaka miyendo inawakana. Ine m'zaka zapambuyo pake ndakhala ndikusuzumira m'mabuku atsopano ndikawapeza, ndipo za gofere akunenabe zomwe zija: mwina mkungudza, mwina phula, mwina bango.

Pa tsiku laukwatilo, nthawi ya chakudya itakwana, akuluakulu awiriwo anasowa. Mpunga unali utapakulidwa, alendo akudikira kuti mwini mbumba ayankhule. Ndinapita kukawafuna ndipo ndinawapeza kuseri kwa nyumba atanjuta pansi, abusa akulemba pamchenga ndi kamtengo. Anali atapeza mawu ena ovuta m'nkhani yomwe ija, amene ena amati ndi windo la chingalawa, ena amati denga. Amjomba ankati munthu wanzeru sangaboole windo pachombo mvula ikugwa chotero, abusa ankati nanga fungo la nyama zonsezo likanatulukira kuti.

Ndinabwerera n'kumuuza mkazi wanga. Anasuzumira kuseriko, n'kuwaona, n'kupukusa mutu.

"Asiyireni m'mbale," anauza azakhali ake. "Ife tiyeni tizidya."